CIFUKWA NINJI MAGALIMOTO AMBIRI ALEPHERA POYESEDWA?

Caka ndi caka eni magalimoto m'dziko la Malawi ayenera kupita nawo kukayesedwa, kuti kuoneke ngati ali oyenera kuyendabe pa mseu. Galimoto ikapambana, mwini wace alandira ciphaso cochedwa Certificate of Fitness, cimene anthu ambiri angoti COF, ndipo kapepala kace kamatidwa pa galasi la kutsogolo kuti apolisi a pa mseu akaone. Nchito imeneyi iri m'manja mwa Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene anthu aizolowera ndi dzina lakuti Road Traffic, ndipo iyendetsedwa potsata lamulo la za pa mseu la caka ca 1997. Maofesi ace ali ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, ndiponso alipo malo ena a anthu a malonda amene Boma linawaloleza kuyesa magalimoto.

Ku midzi nkhani iyi ikhudza anthu ambiri, ngakhale iwo amene sanagwirepo ciongolero cibadwire. Pikapu imodzi kapena lole imodzi ya pa msika ndiyo inyamula cimanga, fodya ndi mtedza wa mudzi wonse. Ndiyo itenga mai wapakati usiku kunka naye ku cipatala, ndipo pakagwa zobvuta ndiyonso inyamula bokosi pamodzi ndi olira. Galimoto yotere ikalephera mayeso, mwini wace ataya mafuta a ulendo wautali pacabe, nadzabwereranso tsiku lina, ndipo masiku onsewo nchito yaima. Koma ikapitirira kuyenda ndi cilema cace osakonzedwa, amene ali pangozi sali mwini yekha iai, koma onse okwera kumbuyo ndi onse oyenda pansi m'mbali mwa mseu.

Anthu ambiri popita ku mayeso adera nkhawa injini, naganiza kuti galimoto yolira bwino ndi yokoka bwino pa citunda siingalephere. Koma woyesa samasula injini. Iye afuna kudziwa ngati galimoto itha kuima, itha kukhota kumene woyendetsa afuna, ndiponso ngati ioneka usiku. Zimene zigwetsa magalimoto kawiri kawiri ndi zinthu zoti mwini akadaziona yekha pabwalo pa nyumba yace. Ngakhale ku Britain, kumene mayeso otere anayamba m'caka ca 1960 ndipo miseu yace ndi yatara, cogwetsa magalimoto ambiri koposa zina zonse ndi nyali.

Nyali

Nyali ndizo zochipa kukonza, ndipo ndizonso ziiwalika msanga. Munthu wokhala pa ciongolero saona nyali zace za kumbuyo, kotero kuti akhoza kuyenda miyezi itatu nyali ya buleki itafa, iye osadziwa kanthu. Njira yodziwira ndi yapafupi. Madzulo kukayamba mdima aimike galimoto pabwalo, aitane mwana kapena mnansi kuti aziyang'ana, ndipo iye aziyatsa imodzi imodzi: zazikuru za kutsogolo, pokweza ndi potsitsa pomwe, zazing'ono za m'mbali, zolozera kokhotera, za buleki, ya giya yobwerera m'mbuyo, ndi kanyali kounikira nambala, kamene ena sadziwa n'komwe kuti kaliko. Ngati palibe womthandiza, aimike galimoto cafutambuyo pafupi ndi khoma loyera, ndipo akaponda buleki adzaona kufiira pakhomapo. Nyali yolozera ikayamba kuphethira mofulumira koposa masiku onse, ndiye kuti babu lina la mbali imeneyo lapsya.

Si nthawi zonse bvuto liri pa babu. Mwina yapsya ndi fyuzi, mwina waya womangidwa ku citsulo ca galimoto wacita dzimbiri cifukwa ca matope a dzinja, ndipo kungopala pamenepo nyali iyakanso. Fyuzi ikapsya, aikepo ina ya nambala yomweyo. Kumangapo kawaya kapena pepala lonyezimira m'malo mwa fyuzi ndiko kuitana moto, pakuti fyuzi inaikidwa dala kuti idzipsya iyo m'malo mwa mawaya onse.

Woyesa ayang'ananso kumene nyali zikuru ziloza. M'dziko lino magalimoto ayenda ku dzanja lamanzere, cifukwa cace nyali zikatsitsidwa kuwala kwace kuyenera kugwa pansi ndi kupendekera ca kumanzere, kuti kusathobwe m'maso munthu wobwera kutsogolo. Magalimoto ocokera ku Japan afika ali okonzeka kale pa cimeneci, pakuti kumenekonso ayenda kumanzere. Koma galimoto imene inagundapo, nyali yace nimangidwa ndi waya, kawiri kawiri iunikira nsonga za mitengo. Galasi la nyali losweka, lomatidwa ndi pepala la pulasitiki, sililoledwa.

Ena aiona yacabe nkhani ya nyali imodzi yakufa, nati bola inayo ikuunikira. Aiwala kuti usiku galimoto ya diso limodzi ioneka ngati njinga yamoto. Munthu wa pa njinga kapena mai wosenza mtolo apatuka pang'ono cabe, kuyesa cobweraco ndi copapatiza, ndipo imgunda ndi mbali yamdima ija.

Matayala

Mizere ya pa tayala siyokongoletsa iai. Nchito yace ndiyo kukankhira kunja madzi a mvula kuti mphira igwire pansi. Tayala losalala liyenda bwino bwino m'cilimwe, ndipo mwini wace aliyamikira. Koma mvula yoyamba ikagwa pa tara pamene pali pfumbi ndi mafuta a miyezi yambiri, tayalalo liyandama pa madzi ngati bwato, ndipo ciongolero ndi buleki zonse zisanduka zopanda nchito. Opanga matayala anaika cizindikiro cakuti munthu ali yense adziwire yekha. M'kati mwa mizere ikuru ikuru muli timfundo ta mphira topingasa, totalika mamilimita 1.6. Pamwamba pa tayala pakadyeka kufikira palingana ndi timfundo timeneti, tayalalo latha, ngakhale litaoneka lakuda bwino.

Kadyekedwe ka tayala kamanena matenda a galimoto. Likadyeka m'mbali zonse ziwiri, pakati pali bwino, ndiye kuti liyenda ndi mpweya wocepa. Likadyeka pakati pokha, mpweya wacuruka. Likadyeka mbali imodzi yokha, miyendo ya galimoto yapotoka, ndipo kugula tayala latsopano osayamba waongoletsa miyendoyo ndi kutaya ndarama, pakuti latsopanolo lidzadyekanso cimodzimodzi. Muyeso wa mpweya woyenera ulembedwa pa kapepala kamene kali pa mphuthu ya citseko ca dalaivala, ndipo mpweya uyesedwe matayala ali ozizira, ulendo usanayambe.

M'mbali mwa tayala ndimo mofunika kuyang'anitsitsa, kunja ndi kukati komwe, cifukwa mbali ya kukati siioneka munthu akangoimirira. Cotupa conga cithupsya citanthauza kuti ulusi wa m'kati waduka, kawiri kawiri cifukwa cogwera m'dzenje, ndipo tayala lotere liphulika tsiku liri lonse osacenjeza. Cotupa sicikonzeka. Tayala long'ambika kufikira ulusi kapena mawaya aoneka, woyesa alikana pomwepo, ndipo akananso tayala limene munthu walisema ndi mpeni kuti mizere ioneke yakuya.

Pa matayala a kaunjika pafunika mau pang'ono, pakuti ndiwo anthu ambiri a ku midzi akwanitsa kugula. Mphira imakalamba ngakhale tayala lisanayende, niuma, nicita timing'alu. Tsiku lobadwa la tayala liri lolembedwa pambali pace: patsogolo pa malembo akuti DOT pali manambala, ndipo anai otsiriza ndiwo anena mlungu ndi caka. Mwa citsanzo, 2319 ndiye kuti linapangidwa mlungu wa 23 wa caka ca 2019. Opanga matayala ambiri alangiza kuti tayala lopitirira zaka khumi licotsedwe, ngakhale mizere ikadalipo. Wogula awerenge manambala amenewa asanapereke ndarama. Adziwenso kuti magalimoto ena afika kucokera ku Japan atabvala matayala a nyengo ya cisanu, a mphira yofewa yopangidwira kuyenda pa madzi oundana. Pa tara wotentha wa ku Chikwawa kapena ku Salima matayala amenewa atha msanga ndipo sagwira bwino.

Matayala awiri oyang'anizana, la kumanzere ndi la kumanja, akhale a msinkhu umodzi. Manati onse akhalepo. Si cacilendo kuona gudumu la mabauti asanu likuyenda ndi manati atatu, ena awiriwo atabwerekedwa kukamangira gudumu lina.

Pali cizolowezi cina cimene cidziwika pa misika yambiri: tsiku la mayeso mwini galimoto abwereka matayala abwino kwa mnzace, napita nawo, nalandira ciphaso, ndipo madzulo ace omwewo awabweza nabwezeretsa akutha aja. Woyesa sangadziwe, pakuti iye aona galimoto tsiku limodzi lokha pa caka. Koma anthu amene adzakwera galimotoyo m'mwezi wa January, mvula iri kugwa, adzakhala pa matayala akutha aja, ndipo apolisi akaiimitsa pa mseu ciphasoco sicimpulumutsa mwini ku mlandu wa tayala losalala.

Mabuleki

Apa ndipo pagona moyo. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ora iyenda mamita 22 pa kamphindi kamodzi, ndiko kunena nthawi yongokwanira kuchula mau awiri. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki afuna kuti aimitse galimoto uwirikiza kanai. Katundu akacuruka, mabuleki asenzanso nchito yoposa.

Ku malo oyesera kumene kuli makina, magudumu aikidwa pa zitsulo zozungulira, ndipo woyendetsa akaponda buleki makinawo aonetsa mphamvu ya gudumu liri lonse palokha. Magalimoto ambiri agwa pamenepa, si cifukwa cakuti mabuleki palibe, koma cifukwa mbali imodzi igwira koposa inzace. Mwini akhoza kudziyesera yekha pa mseu woongoka, wopanda anthu: ayende pang'ono pang'ono, agwire ciongolero mosalimbitsa, naponde buleki. Galimoto ikakokera mbali imodzi, ku mbali inayo kuli cobvuta. Mwina mapadi atha, mwina citsulo cokankha mapadi cagwidwa ndi dzimbiri, mwina mafuta adontha nanyowetsa pamene payenera kukhala pouma.

Phazi nalo limva. Buleki yabwino ilimba msanga munthu akaiponda. Ikakhala yofewa ngati waponda pa thonje, m'mapaipi mwalowa mpweya ndipo uyenera kuturutsidwa. Ikalimba poyamba, kenaka niyamba kumira pang'ono pang'ono phazi liri pomwepo, ndiye kuti mafuta akudutsa pena pace, ndipo galimotoyo isanyamule munthu kufikira makaniki ataiona. Dalaivala amene azolowera kupopa buleki kawiri kapena katatu kuti igwire adziwe kuti mwana wothamangira mpira pa mseu sadzamdikira kuti amalize kupopa. Kulira kwa tswii poponda buleki ndiko kucenjeza kuti mapadi atsala pang'ono. Kukafika pomveka citsulo cikukhuta citsulo cinzace, mbale ya buleki yayamba kale kuonongeka ndipo mtengo wokonzera wakwera.

Kabotolo ka mafuta a buleki kali pansi pa boneti ndipo kali ndi mizere iwiri, wa pamwamba ndi wa pansi. Mafuta akamatsika msanga, kuthiramo ena sikukonza kanthu. Afunefune podontha, kuseri kwa magudumu ndi m'mapaipi a mphira, amene amacita ming'alu akakalamba. Ku midzi kutali ndi masitolo, ena paipi ikabooka aipinda ndi pulayala kapena kuitseka ndi msomali, nasiya galimoto ikugwira magudumu atatu. Ena mafuta akatha athiramo madzi a sopo kapena mafuta a injini. Zonsezi ndi zoopsya. Mafuta a injini atupitsa timphira ta m'kati mwa mabuleki nationonga tonse. Za madzi, cifukwa cace ndi ici.

Mabuleki aimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo kutenthako kufika ku mafuta. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 3 sawira kufikira madigiri 205, ndipo a DOT 4 kufikira madigiri 230, pamene madzi awira pa madigiri 100 okha. Mafuta amenewa ali ndi khalidwe lomwa cinyezi ca mu mpweya pang'ono pang'ono, ndipo akakhalitsa akhoza kuwira pa madigiri 140 kapena 155. Cinthu camadzimadzi sicifinyika, ncifukwa cace mphamvu ya phazi ifika ku magudumu. Koma cikawira cisanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Pamenepo phazi lingomira kufika pansi, galimoto osaima. Ici sicicitika pa cigwa kapena pa bwalo la mayeso. Cicitika potsika mapiri atali, monga pa Chiweta, pa mseu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti, kapena pocokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, pamene mabuleki agwira nchito nthawi yaitali osapuma. Cifukwa cace opanga magalimoto ambiri alangiza kukhetsa mafuta onse a buleki ndi kuthira atsopano pakapita zaka ziwiri. Ndipo potsika phiri dalaivala aike giya yaikuru kuti injini ithandize kugwira galimoto. Kumasula giya pofuna kupulumutsa mafuta ndiko kusiyira mabuleki okha katundu yense.

Handibuleki iyesedwanso. Ku malo ambiri mwala kapena cipika calowa m'malo mwace, ndipo mnyamata wothandiza adumpha nao galimoto isanaime bwino. Woyesa sawerengera mwala. Handibuleki iyenera kugwira galimoto pa citunda payokha, ndipo kawiri kawiri cofunika ndi kukoka waya wace umene watamuka, kapena kusintha nsapato za mabuleki a kumbuyo. Eni malole a mabuleki a mpweya akumbuke kukhetsa madzi m'matanki a mpweya, ndipo akazimitsa injini amvetsere ngati pali pena potuluka mpweya.

Za pansi pa galimoto

Miseu ya pfumbi imadya galimoto kuyambira pansi. Makwinya a mseu, maenje ndi mitsinje yooloka popanda ulalo zigwedeza mfundo zonse zimene zilumikiza magudumu ku ciongolero. Mfundo zimenezi, zimene amakaniki azicha ball joint ndi tie rod, ziri ndi kamphira kobvundikira kosunga girisi. Kamphirako kakang'ambika, mcenga ulowa nuyamba kupera citsulo, ndipo posacedwa mfundoyo icita gwedegwede. Ikaguluka galimoto iri pa ulendo, gudumu lipinda lokha ndipo ciongolero sicilamuliranso kanthu.

Zizindikiro zace zimveka kale nthawi isanafike. Kugogoda pansi podutsa pa mabampu ndi cimodzi. Ciongolero cimene citembenuka danga lalikuru magudumu asanayambe kukhota ndi cina. Kuyesa kwace nkotere: akweze gudumu ndi jeke, aligwire pamwamba ndi pansi naligwedeze, kenaka aligwire kumanja ndi kumanzere nateronso. Pakamveka kugogoda kapena gudumu likasewera, pali mfundo kapena bering'i yakutha. Akalizunguza ndi dzanja, liyenera kuzungulira mwakacetecete. Koma munthu asalowe pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke yokha, ndiponso asaikhazike pa njerwa, pakuti njerwa zimaphwanyika. Aikepo zipika zolimba, pamalo osalala.

Mashoko akutha adziwika ndi mafuta odontha pambali pace. Munthu akakankha ngodya ya galimoto pansi ndi mphamvu naitaya, iyenera kukwera kamodzi niima; ikapitirira kudumphadumpha, shokoyo yafa. Pa mapikapu ndi malole ayang'ane masipuling'i, ngati palibe tsamba lothyoka kapena bauti lomasuka. Sipuling'i yomangidwa ndi malegeni ithandiza kufika kunyumba tsiku la tsoka, koma ku mayeso siipita.

Cimene cithyola zonsezi msanga ndi katundu wopitirira muyeso. Pikapu ya tani imodzi inyamula matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo lole ya matani atatu matumba 60. Anthu okhala pamwamba pa matumbawo nawonso ali ndi kulemera kwao, ndipo ayenera kuwerengedwa. Eni magalimoto ang'ono ang'ono onga Toyota Sienta, amene acuruka pa nchito yonyamula anthu m'maboma ambiri, adziwe kuti miyendo yace inapangidwira anthu asanu ndi awiri pa mseu wosalala. Mwini amene aonjezera matumba khumi pa ulendo uli wonse m'nyengo yokolola aona ngati wapindula, koma ndaramazo adzazisiya kwa makaniki mwezi wa mayeso.

Dzimbiri la pa chasisi, ndico citsulo cacikuru cimene galimoto yonse yakhalapo, ligwetsanso magalimoto. Matope ouma osiyidwa pansi asunga cinyezi, ndipo feteleza kapena mcere wotayikira m'bodi udya citsulo msanga. Kutsuka pansi pa galimoto mvula ikatha, ndi kutsuka m'bodi mutanyamulidwa feteleza, kuonjezera galimoto zaka.

Zina zimene ziiwalika

Galasi la kutsogolo lokhala ndi mng'alu patsogolo pa dalaivala likanidwa. Mng'alu uyamba ndi kamwala kamodzi, ndipo ukula ndi mabampu. Mawaipa onse agwire nchito, ndi mphira yace isakhale yong'ambika; dzuwa la mwezi wa October liumitsa mphira imeneyi, ndipo mwini adzazindikira tsiku la mvula yoyamba. Magalasi oonera kumbuyo akhalepo onse, hutala ilire, zitseko zitseguke ndi kutsekeka ndi zogwirira zace, osati ndi waya kapena cingwe. Mipando ikhale yomangika pansi. Malamba a pa mpando akhale osaduka ndipo agwire akalowetsedwa. Bungwe la World Health Organization linena kuti lamba acepetsa ngozi ya imfa pafupifupi ndi theka kwa okhala kutsogolo. Batire imangidwe kuti isayendeyende. Zonyezimira zikhalepo, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, pamodzi ndi zizindikiro ziwiri zofiira za ngodya zitatu zoika pa mseu galimoto ikafa. Nthambi za mitengo, zimene ambiri aika m'malo mwace, usiku sizioneka, ndipo zikasiyidwa pa mseu zigwetsa a njinga.

Utsi uli ndi mitundu itatu. Wakuda unena kuti injini ikulandira mafuta ambiri ndi mpweya wocepa, ndipo pa miseu ya pfumbi coyamba kuona ndi sefa ya mpweya, imene itsekeka msanga. Wobiriwira ngati mtambo unena kuti injini ikuocha oilo. Woyera wambiri umene suleka injini itatentha unena kuti madzi alowa mosayenera. Paipi ya utsi yobooka igwetsa galimoto, ndipo si cifukwa ca phokoso lokha. Mu utsi muli mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, wopanda pfungo ndi wosaoneka. Ukalowa m'galimoto yotseka magalasi, anthu ayamba kumva mutu ndi tulo, dalaivala yemwe, ndipo ukacuruka upha.

Kudontha kwa petulo kapena dizilo sikuloledwa konse, ndipo galimoto imene ikumwa mafuta kucokera m'cigubu coikidwa pa mapazi a okwera isayandikire n'komwe ku malo oyesera.

Mapepala ndi tsiku lopita

Galimoto yabwino ikhoza kubwezedwa cifukwa ca mapepala. Nambala ya chasisi ndi ya injini ziyenera kufanana ndi zimene zinalembedwa ku Road Traffic. Munthu amene wasintha injini, kapena wapaka galimoto utoto wa mtundu wina, akadziwitse ofesi kuti zolembedwa zikonzedwe. Wogula galimoto kwa mnzace asinthe dzina msanga, pakuti wogulitsayo akasamuka kapena akamwalira nkhani ibvuta kwambiri. Manambala a kutsogolo ndi kumbuyo akhale owerengeka, ndipo inshuwalansi ikhale yamoyo.

Kunja kwa maofesi kumapezeka anthu ochedwa madobadoba, amene alonjeza kufulumizitsa zinthu, ena mpaka kunena kuti atha kupezera munthu ciphaso galimoto iri kumudzi. Amenewa sali anchito a Boma. Ambiri ataya ndarama kwa iwo nalandira pepala labodza, limene lidziwika tsiku limene apolisi aliyesa pa makina ao. Kupereka ciphuphu ndi mlandu monganso kulandira, ndipo nkhani zotere zikatulidwe ku Anti-Corruption Bureau. Ndarama za Boma zilipiridwe pamalo oyenera, ndipo wolipira asunge lisiti lace.

Tsiku limene ciphaso cithera liri lolembedwa pa kapepala ka pa galasi. Mwini aliwerenge, nayambe kuyang'ana galimoto yace kukali mwezi wathunthu, kuti ngati pafunika citsulo coitanitsa ku tauni cifike nthawi ikalipo. Ndarama za ku midzi zibwera nthawi yogulitsa mbeu, kuyambira April kufikira August, ndipo imeneyi ndiyonso nthawi imene galimoto yangoturuka m'matope a dzinja. Ndi bwino kugula matayala ndi mapadi pamenepo, ngakhale mayeso ali m'mwezi wa February, pamene m'thumba mulibe kanthu.

Popita, galimoto ikhale yopanda katundu ndi yotsukidwa pansi pomwe, pakuti woyesa sangaone nambala ya chasisi kapena paipi ya buleki zokwiririka m'matope. Wocokera kutali anyamuke m'mamawa, natenge mababu awiri kapena atatu ndi mafyuzi apadera, cifukwa babu limene linayaka dzulo likhoza kufa ndi mabampu a pa njira. Asanalowe pa cipata aimike galimoto nayesenso nyali zonse. Galimoto ikalephera, afunse woyesa kuti amuuze zolakwika zonse bwino lomwe, ndi masiku amene apatsidwa kuti abwerenso, ndipo apite nazo kwa makaniki monga momwe zanenedwera, osasiyapo cimodzi.